Mwelwa Wagwada Pamanda a Azungu

Loweruka limenelo magetsi anazima m'mawa ku Chelstone konse, mu Lusaka, ndipo pofika masana foni ya Muriel inali itatsala ndi moto pang'ono. Anaiika pa mkono wa mpando osaigwiragwira, kuopa kuti ingathime. Uthenga wa Mwelwa, chibwenzi chake, unali utabwera dzulo lake: "Mailo masana usachoke panyumba. Nizakutumila pa vidiyo. Uvale bwino."

"Nivale bwino chifukwa chani? Ni intavyu?" iye anayankha choncho. Mwelwa anangotumiza kankhope koseka.

Awiriwa anadziwana zaka ziwiri zapitazo, tsiku lomwe mvula inawatsekereza pakhonde la sitolo ya nsalu ku Kamwala. Mwelwa anali wojambula mapulani a nyumba, mwana yekhayo wa mayi wamasiye wa ku Kabwata. Panthawiyi anali ku Spain, pa maphunziro a miyezi ingapo a kakonzedwe ka nyumba zakale. Makolo a Muriel ankamudziwa, ngakhale ankangomutchula kuti "mnzako uja." Bambo ake, a Nicodemus Miti, analibe naye chifukwa. Mayi ake ndiwo ankamukana, chifukwa Mwelwa anali Mkatolika pomwe iwo ankatsogolera amayi opembedzera pa tchalitchi cha Pentekoste cha kufupi ndi msika. Komanso mumtima mwawo anali atasankha kale mkamwini.

Mkamwini wa kumtima kwawoyo anali Jason, woimba kiyibodi ku tchalitchiko, amene ankagulitsanso zipangizo za sola. Masana omwewo anagogoda pageti atanyamula chikwama cha zitsulo, ati wabwera kudzaona batire ya panyumbapo. Batireyo anali atayamba kuiona kalekale, koma sinkachira.

"Sisita Muriel, lelo mwawala. Kuli ukwati?"

"Kulibe, ba Jason."

Foni inalira. Nkhope ya Mwelwa inangotulukira kamodzi n'kusowa, kenako kunabwera uthenga woti bandulo yatha. Muriel anagwira kumutu.

"Musavutike," anatero Jason akutulutsa foni yake. "Lumikizani kwa ine pa hotisipoti. Ndise a banja limodzi mwa Ambuye."

Muriel sanafune, koma msika unali patali ndipo moto wa m'foni sukanadikira. Analumikiza.

*

"Shani, Muri? Waniona manje?" Mwelwa anali atavala jekete lalikulu, mphuno itafiira ndi kuzizira.

"Nakuona. Waonda iwe. Uli kuti?"

"Yangana."

Anatembenuza kamera. Kutsogolo kwake kunali chinyumba cha miyala yotuwa, chokhala ndi nsanja ziwiri zazitali moti sizinakwane m'foni. Pakhomo pake panali anthu osema pamwala, ataima m'mizere, ena atathyoka mphuno.

"Iyi ni katedralo, tchalitchi cha bishopu. Anayamba kumanga kudala maningi, zaka mahandiredi na mahandiredi. Amene anaika mwala woyamba anafa osaona denga. Adzukulu a adzukulu awo ndiye anasiliza."

Jason anali atasiya batire n'kudzaima kumbuyo kwa mpando. Analoza pamwamba pa khoma, pomwe panali zilombo zamiyala zotulukira kunja, zitayasamula kukamwa.

"Nanga ivo vili na nyanga ni vichani? Pa nyumba ya Mulungu?"

Mwelwa sanamve, chifukwa anali atalowa kale. M'katimo anayamba kulankhula monong'ona. Anamuonetsa Muriel zipilala zonenepa zoti anthu anayi sangazikumbatire, zokwera mpaka kukakumana kudenga. Anamuonetsa mawindo a magalasi amitundu, amene ankagwetsa kuwala kofiira ndi kwabuluu pansi. Muriel anaiwala za Jason. Sanali kuyang'ana kwambiri miyalayo, koma ankamvetsera mawu a Mwelwa, amene ankanjenjemera pang'ono monga ankachitira akasangalala.

Mayi Miti anatuluka kukhitchini akupukuta m'manja.

"Muli bwanji, Mami?" anatero Mwelwa atawaona.

"Tili bwino mwa Yesu. Nanga ivo volemba pansi vamene uponda?"

"Ni maina, Mami. Pansi apa anashika anthu akale."

"Manda? Mkati mwa tchalitchi?" Mayiwo anakhala pansi pafupi ndi mwana wawo, ndipo sanabwererenso kukhitchini.

Mwelwa anadutsa pa kakhomo ka m'mbali n'kutsika masitepe kulowa mu myuziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale za tchalitchicho. Munali makabati agalasi okhaokha. Anaonetsa mikanjo ya ansembe yopetedwa ndi ulusi wagolide, zikho zasiliva, ndi chibuku cha nyimbo cholembedwa pamanja pa zikopa za nkhosa, chachikulu ngati chitseko cha kabati. Kenako anaima pa mkono wagolide woimika chilili, wokhala ndi kawindo pakati.

"Muli chani umo?" anafunsa Muriel.

"Akuti ni fupa la munthu woyela."

"Magazi a Yesu!" Mayi Miti anafuula. Jason anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Muri, kwasala chimodzi chabe. Ndiye chamene nakuitanila."

Chipinda chomaliza chinali chamdima pang'ono. Pakati panali manda aakulu amwala, pamwamba pake atasemapo mwamuna ndi mkazi atagona moyandikana. M'mbali mwa mandawo munali chigaza cha munthu, chosemanso pamwala. Apo Muriel anamva mawu a mkazi, olankhula Chinyanja cha mu Lusaka momwemo.

"Leta foni nikugwilile. Gwada manje, ba gadi akalibe kubwela."

Chithunzi chinagwedezeka, kenako Mwelwa anaoneka yense. Anagwada bondo limodzi pafupi ndi mandawo, n'kulowetsa dzanja m'jekete cha pachifuwa.

"Muriel, awa anthu awili—"

Chithunzi chinauma pomwepo. Mwelwa anatsala chigwadire, maso atatsinzina, kukamwa kuli yasa, dzanja lili pamtima ngati wolumbira, chigaza chili pafupi ndi phewa lake.

"Netiweki," anatero Jason. Anakweza foni yake n'kujambula chithunzi choumacho. Posakhalitsa foni ya Muriel inathima.

Mayi Miti anaitenga m'manja mwake. "Iyi foni igona kuchipinda kwanga. Ifunika mapemphelo."

"Mami, nili na zaka twente-seveni."

"Na Satana ali na zaka zambili kuchila iwe."

*

Lamlungu m'mawa, Muriel atangolowa m'tchalitchi, anaona kuti china chake chachitika. Amayi awiri a kwaya anasiya kulankhula iye akudutsa. Mtsikana amene ankakhala naye benchi limodzi anasuntha chikwama n'kuchiika pakati pawo. Nthawi ya mapembedzero, mayi abusa anapempha mpingo kuti ukumbukire "mwana wathu wina amene watcheredwa msampha wochokera kunja kwa dziko," ndipo makosi ambiri anatembenukira kwa iye.

Potuluka, mtsikana wa pabenchi uja anamuonetsa foni. Chinali chithunzi cha Mwelwa atagwada, chili pa gulu la Watsapu la mpingo. Pansi pake panalembedwa kuti: "Tipempherere mlongo wathu. Chibwenzi chake chalowa za satana ku Ulaya, chikulumbira pamanda."

Muriel anapeza Jason akulongedza mawaya kuseri kwa tchalitchi.

"Ndimwe munaika chija chithunzi pa gulu?"

"Ine? Awe. Ine ninatumila chabe Mami wanu, chifukwa anapempha."

"Nanga netiweki inaduka yeka?"

Jason anapitiriza kukulunga waya pachigongono. "Sisita Muriel, ine ninaona vamene inu munaona. Munthu ayenda pamanda, aonetsa mafupa, agwadila chigaza. Anyamata ambili akayenda kunja afuna kulemela mwamsanga. Vija vinthu vifuna magazi a munthu wapafupi."

"Munazima hotisipoti kapena simunazime?"

"Nikanasiya, sembe analumbila pa dzina lanu. Tsiku lina muzanithokoza." Anamuyang'ana m'maso. "Koma funsani funso limodzi. Uja mkazi anamugwilila foni ni ndani? Ku Spain kuli akazi okamba Chinyanja?"

Muriel anachoka, koma funsolo anapita nalo.

*

Foni anaipeza pa tebulo la kuchipinda kwa mayi ake, itapakidwa mafuta odzozera mpaka galasi likuterera. Anaipukuta ndi chitenje, n'kukwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukweranso ina ya ku Woodlands, kumene kunali malo ena omwera tiyi okhala ndi magetsi ndi intaneti, komanso opanda anthu a ku tchalitchi kwawo. Foni itayaka, mauthenga a Mwelwa analowa motsatizana. "Wanimvela?" "Muri?" "Ngati ni iyayi, kamba chabe." "Sininagone."

Anamuimbira. Mwelwa anayankha isanalire kawiri.

"Unali kuchita chani pa aja manda?" Muriel sanapereke ndi moni womwe.

"Sunamvele? Ninakamba vonse, mpaka anthu anaomba m'manja. Pakuyangana foni, iwe kulibe."

"Ninamvela chabe 'awa anthu awili.'"

Mwelwa anaphimba nkhope ndi dzanja. Kenako anatulutsa kabokosi kakang'ono n'kukatsegula. Munali mphete.

"Aja anthu anali munthu na mkazi wake. Akuti ndiye anapeleka miyala yomangila mbali imodzi ya tchalitchi. Anapempha kuti akafa asawapatule, ndipo mpaka lelo ali pamodzi. Ninaganiza kuti ni malo abwino okufunsilapo."

"Pamanda, Mwelwa? Pafupi na chigaza? Dziko lonse la Spain kulibe maluwa?"

"Ine chigaza sininachione bwino. Ninali kuona iwe."

Muriel anafuna kuseka, koma misozi ndiyo inabwera. Anamutumizira chithunzi chija pamodzi ndi mawu ake. Mwelwa anawerenga, ndipo nkhope yake inasintha.

"Satana? Ine?"

"Mpingo wonse unipemphelela."

Muriel anapukuta misozi. Wogulitsa anabweretsa tiyi n'kuchoka.

"Nanga uja anakugwilila foni?"

"Ni Pearl. Wa ku Kabulonga. Tili kosi imodzi. Ndiye ananithandiza kusankha mphete."

"Miyezi yonse iyi sunanikambileko kuti kuli Pearl."

"Ninaopa kuti uzaganiza vina."

"Manje niganiza vina."

"Muri, uyu munthu anaimilila na foni kuti ine nikufunsile iwe. Ungamuchitile jelasi bwanji?"

"Mphete anaiyesa pa chala chake?"

Mwelwa anatseka kabokosi kaja.

"Vala vanu vilingana," anatero Mwelwa mwamanyazi. "Koma yankho yako ni chani? Nifunsenso apa?"

"Usanifunse pa foni. Ukabwela uzanifunsa pamaso, pamalo opanda akufa. Manje nkhani ni ba Dadi. Mailo abwela kuchoka ku Chongwe, ndipo Mami azayambilila kuwauza."

"Niwatumile ine. Nizabwelela kuja kwamene, aone na maso awo."

*

A Nicodemus Miti anali munthu wosafulumira. Anagwira ntchito m'boma zaka zambiri, ku dipatimenti yoyang'anira nyumba, ndipo atapuma anayamba kulima kamunda ku Chongwe. Anakulira ku Katete, ndipo Chinyanja chawo sichinasinthe ndi tauni. Atafika anamvetsera akazi awo mpaka kumaliza, anaona chithunzi, kenako anamvetseranso mwana wawo.

"Muimbire," anatero. "Munthu saweruzidwa ndi chithunzi chimodzi."

Lachiwiri masana anakhala pakhonde atavala magalasi, foni ataitsamiritsa pa kapu. Mayi Miti anakana kutuluka, koma zenera la pabalaza analisiya lotsegula.

"Mwana wanga, ndifunsa mafunso ochepa. Uyankhe zoona. Unagwadira ndani?"

"Ninagwadila Muriel, ba Dadi. Ninali kumufunsila ukwati."

"Usanatume anthu kwa ine?"

"Ninalakwa. Ninafuna nimvele mtima wake poyamba."

"Unalakwadi. Nanga fupa lija, unaligwira? Unalipempha kanthu?"

"Iyayi. Lili mu galasi, lokhoma. Aliyense alipila pakhomo, aona, atuluka. Onani."

Anatembenuza kamera. M'chipindamo munali ana asukulu ovala yunifolomu, aphunzitsi awo akuwaletsa kuthamanga. Mtsikana wina ankajambula chigaza chija m'kope, mnzake akudya bisiketi mobisa. A Miti anayang'ana nthawi yaitali.

"Ana a sukulu," anatero mokweza, nkhope italoza kuzenera. "Tuluka panja, undionetse zanyanga zija."

Mwelwa anakwera masitepe. Kunja kunali kukugwa mvula yowaza, ndipo atakweza kamera, madzi ankatuluka m'kamwa mwa zilombo zija n'kugwera patali ndi khoma.

A Miti anayandikitsa nkhope. "Imani kaye. Amenewa ndi magata a madzi amvula?"

"Ee, ba Dadi. Madzi achoka padenga, apita mkati mwa chilombo, atulukila kukamwa. Kuti asaononge khoma."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Anafunsa za kutsetsereka kwa denga, za matope amene anamangira, ndi chifukwa chake zipilala sizinang'ambike. Muriel anakhala pa sitepe akumvetsera amuna awiriwo akukambirana za madzi amvula, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire Loweruka anapuma bwino.

Pomaliza a Miti anavula magalasi. "Ine sindinaonepo satana pamenepa. Ndaona mnyamata wosadziwa kusankha malo. Za mipingo yanu iwiri tidzakambirana, si nkhani yaing'ono. Koma uuze akwanu atume munthu abwere ndi mbale yofunsira ukwati, monga mwa mwambo wanu. Geti ndi lotsegula."

Zenera la pabalaza linatsekedwa mwamphamvu.

*

Mawa lake Muriel anaweruka msanga kuntchito. Anagula maapulo pamsika wa Chelstone, akuganiza zokakhala pansi ndi mayi ake mwaulemu. Atafika pageti anapeza takisi itaima, ndipo pabalaza panali mlendo.

Anali amake a Mwelwa, mayi wamtali, wovala chitenje cha amayi a Chikatolika ndi duku loyera, atakhala mowongoka kumapeto kwa mpando. Muriel anali atawachezerapo kangapo ku Kabwata, ndipo nthawi zonse ankamulandira ndi nthabwala, n'kumupatsa chikanda, chakudya cha kwawo, choti apite nacho. Tsikuli sanamwetulire.

Muriel anagwada n'kuwalonjera m'chilankhulo cha kwawo. "Mwabwela, bana Mwelwa. Muli shani, Mayo?"

"Nili mwamene waniona. Nkhala, nkhani ikukhudza."

A Miti anali pampando wawo, akazi awo ataima pakhomo la kukhitchini manja atapinda. Tiyi amene anapatsa mlendoyo anali asanakhudzidwe. Bana Mwelwa anaika foni yawo pa tebulo. Chinali chithunzi chomwe chija, koma tsopano chinali ndi dzina lonse la Mwelwa, ndi mawu owonjezera akuti amakhala ku Kabwata.

"Ichi chafika ku parishi kwathu. Chafika pa mafulati ponse. Mailo mwana wa neba anabwela kutenga moto wa mbaula, amake anamukoka kuti asangene mu nyumba ya satana. Usiku wina anaponya mwala pa windo yanga. Ine mwamuna wanga anafa Mwelwa ali mwana. Manje anthu ayamba kufunsa kuti anafa bwanji."

"Pepani kwambiri, mayi," anatero a Miti. "Ine ndalankhula naye mnyamatayo. Palibe choipa anachita. Ndamuuza kuti mutume munthu."

"Ananiuza, ali wokondwa. Sadziwa vamene vichitika kuno, sininafune kumusokoneza pa sukulu. Koma ba Miti, ine nafufuza. Nafunsa uyu anatumila uyu, uyu anatumila uyu. Nambala yoyamba kuika ichi chithunzi pa gulu ni ya mu nyumba muno."

Onse anatembenukira kukhomo la kukhitchini.

"Ninaika ndine," anatero Mayi Miti osagwetsa maso. "Ninapempha mapemphelo a mwana wanga. Dzina na Kabwata sindine ninalemba."

"Koma moto munayasha ndimwe."

"Mami," Muriel anayamba, koma bambo ake anakweza dzanja.

Bana Mwelwa anakonza duku lawo. "Ine Muriel nimukonda, adziwa yeka. Koma shibukombe wathu, uja wotuma pa va ukwati, sazaponda pano na mbale, pa nyumba yamene itcha mwana wanga wa satana. Chamene nifuna ni chimodzi. Pa Sondo muimilile kutsogolo mu tchalitchi chanu, pamene munapemphelela Muriel, mukambe kuti munanama. Ine nizabwela, nizankhala kumbuyo, nimvele na matu anga. Mukakana, Mwelwa asankhe: amake kapena uyu mwana wanu."

"Amake Muriel," anatero a Miti mofatsa, "zimenezi n'zotheka. Mawu awiri okha."

"Ine? Niimilile pamaso pa azimayi amene nitsogolela, nikambe kuti Mzimu unaninamiza? Chifukwa cha anthu osunga mafupa mu tchalitchi?" Mayi Miti anamasula manja n'kuloza mwana wawo. "Nikachita ivo, ninshi namupeleka na manja anga. Siningachite. Na iwe Muriel, ngati ufuna kuyenda kuja, uyende, koma pa ukwati wako mpando wanga uzankhala ulibe munthu."

Bana Mwelwa anaimirira n'kutenga chikwama. Muriel anali chigwadire pakati pa amayi awiriwo, jumbo ya maapulo ili m'manja. Pomwepo foni yake inayamba kulira m'thumba. Anaitulutsa kuti aithimitse, koma onse anali ataona kale dzina ndi nkhope yomwetulira pagalasi. Anali Mwelwa, akuimba pa vidiyo.

"Yankha," anatero bana Mwelwa. "Umuuze wekha."

"Ukayankha iyo foni mu nyumba yanga," anatero Mayi Miti, "ukayambe kulonga."

Muriel anayang'ana bambo ake. A Miti anali atawerama, akupukuta magalasi awo ndi m'mphepete mwa malaya. Foni inapitiriza kulira m'dzanja lake.